ZA KUNENEPA KOPAMBANA MUYESO

Kale m'midzi mwathu mwana wonenepa anali cikondwerero ca makolo ace. Anthu pomuona ankati, "Kwao kwa mwana uyu kuli mwanaalirenji." Sanalakwe kuganiza motero, pakuti masiku amenewo mdani wamkulu wa ana anali njala, ndipo pofika miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, mwana woonda ndiye anali woyamba kugwidwa ndi matenda. Njala ikalipobe m'dziko lathu, ndipo tiyenera kulimbana nayo. Koma tsopano kwabuka mdani wina amene makolo athu sanamdziwe kwenikweni, ndiye kunenepa kopambana muyeso. M'mutu uno tiphunzira kumene kunenepa kotere kucokera, zoipa zace, ndi m'mene tingakupewere mwa kusamala maora amene ali pakati pa kuweruka ku sukulu ndi kulowa kwa dzuwa.

Thupi lifanana ndi nkhokwe

Cakudya ciri conse cimene tidya cipita m'cifu ndi m'matumbo, m'mene cigayidwa, ndipo zabwino zace zilowa m'mwazi. Mwazi uzinyamula nuzifikitsa ku ziwalo zonse. Zina zimanga thupi kuti likule, zina ziliteteza ku matenda, ndipo zina zilipatsa mphamvu monga nkhuni zipatsa moto. Ndi mphamvu imeneyi tiyenda, tithamanga, tilima ndi kuganiza. Ngakhale tiri m'tulo mphamvu ina igwirabe nchito, popeza mtima suleka kugunda ndipo mapapu saleka kupuma.

Nanga munthu akadya zopatsa mphamvu zoposa nchito imene wagwira, zotsalazo zipita kuti? Thupi silizitaya ai. Lizisandutsa mafuta, niliwasunga kunsi kwa khungu, pa mimba, ndi mozungulira ciwindi ndi matumbo. Mafuta pang'ono ngofunika ndithu, cifukwa afunditsa thupi m'nyengo ya cisanu, nalithandiza munthu akadwala osatha kudya. Koma taganizani za nkhokwe imene mwini wace athiramo madengu atatu tsiku ndi tsiku natapamo awiri okha. Dengu limodzi lotsalalo lioneka laling'ono, koma pakutha pa caka nkhokweyo idzadzala, ndipo mitanda yace idzayamba kupindika. Thupi la mwana licita cimodzimodzi. Palibe mwana anenepa koposa cifukwa ca phwando la tsiku limodzi. Cimnenepetsa ndi kadengu kotsala tsiku liri lonse.

Sitingadziwe ndi maso okha ngati mwana wapambana muyeso. Ku cipatala anamwino amuika pa sikelo, ayesa msinkhu wace, nalinganiza ziwirizi ndi zaka zace. Tisasokonezenso kunenepa ndi kutupa. Mwana wotupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lace litafiira ndi kupyapyala, sali wonenepa. Adwala cifukwa ca kusowa zakudya zoyenera, ndipo ayenera kupita naye ku cipatala msanga. Ndiponso mwana angathe kukhala wonenepa koma wocepa mwazi, ngati mimba yace idzala ndi zotsekemera zokhazokha popanda ndiwo za masamba, nyemba kapena nsomba.

Kukula kwace kwa bvutoli

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, lochedwa WHO, linawerenga ana ndi acinyamata a zaka 5 kufikira 19. M'caka ca 1990 ana 8 mwa ana 100 ali onse anali olemera kopambana muyeso. Pofika caka ca 2022 anali 20 mwa 100 ali onse, ndiko kuti ana oposa mamiliyoni 390. Mwa amenewa, mamiliyoni 160 anali onenepa kwambiri kotero kuti kunenepako kunali ngati nthenda.

Kwathu kuno ku Zambia mabvuto awiri ayendera pamodzi. Pa kuwerenga kumene Boma linacita m'caka ca 2018 kunapezeka kuti mwa ana 100 osafika zaka zisanu, 35 anali opinimbira cifukwa ca kucepa kwa zakudya zabwino, ndipo 5 anali olemera kopambana muyeso. Asanuwo aoneka ocepa, koma moto wolusa uyamba ndi kamoto kakang'ono. M'mizinda monga Lusaka, Kitwe, Ndola ndi Chipata mungapeze m'kalasi imodzi mwana wosowa cakudya atakhala pa benchi limodzi ndi mnzace wonenepa koposa. Onse awiri afuna cithandizo, ndipo mankhwala ao ali pafupifupi amodzi, ndiwo cakudya coyenera ca mitundu yosiyanasiyana.

Cimene casintha

Taonani m'mene mwana wa kumudzi atsirizira tsiku lace. Ayenda mtunda wautali kucokera ku sukulu. Atadya nsima, mtsikana apita ku citsime ndi ndowa, asinja cimanga kapena akatola nkhuni. Mnyamata akabusa ng'ombe kapena mbuzi, kapena akathirira ku dimba. Dzuwa likapendeka onse akomana pa bwalo kusewera. Mwana wotere watapa kale m'nkhokwe ya thupi lace zonse zimene anathiramo, ndipo cimene iye asowa ndico cakudya cokwanira.

Koma ana ambiri a m'mizinda akwera minibasi pobwera ku sukulu. Madzi ali pa mpopi, ufa ugulidwa wogayagaya m'thumba. Malo ambiri amene kale anali mabwalo a mpira anamangidwapo nyumba ndi masitolo, ndipo makolo aopa kuti ana akasewera mu mseu adzagundidwa ndi galimoto. Motero mwana akhala pansi m'nyumba, maso ali pa TV kapena pa foni, kufikira usiku. Ndipo pa njira ya ku sukulu pali tuntemba togulitsa masiwiti, mabisiketi, vitumbuwa, machipisi ndi zakumwa zotsekemera, zonse zochipa ndi zokoma m'kamwa.

Zakudya zimenezi ziri ndi mphamvu yambiri m'kanthu kakang'ono, koma sizikhutitsa. Botolo limodzi laling'ono la zakumwa zoziziritsa kukhosi, la mamililita 300, liri ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Ndani wa inu angathire masupuni 8 m'kapu imodzi ya tiyi, amai ace alikuona? Koma m'botolo timwa osadziwa. A WHO alangiza kuti ngakhale munthu wamkulu asapitirire masupuni 12 pa tsiku lathunthu, ndi kuti nkwabwino koposa atalekeza pa 6. Kuti mwana wa msinkhu wanu atsirize mphamvu ya m'botolo limodzi lija, ayenera kuthamanga pafupifupi theka la ora. Akuluakulu anati, "Cakomacakoma pusi anagwa cagada."

Pali zifukwa zinanso. Ana ena anenepa msanga kuposa anzao cifukwa ca mtundu wa kwao, monga ena atalika cifukwa ca mtundu. Ena anenepa cifukwa ca matenda kapena mankhwala amene alikumwa. Kugona mocedwa nakonso kuthandiza kunenepa, pakuti mwana wosagona mokwanira amva njala kawirikawiri, nakhala waulesi usana. Mwana wa zaka 6 kufikira 12 afunika kugona maora 9 kufikira 12.

Zoipa zace

Mwana wolemera koposa atopa msanga, napuma mobanika akathamanga pang'ono. Maondo ndi m'ciuno mupweteka cifukwa ca katundu amene miyendo isenza usana wonse. Shuga aononganso mano. Koma zoopsya zenizeni zibisala m'kati. M'mimba, kumbuyo kwa cifu, muli kaciwalo kamene kapanga madzi ochedwa insulini. Nchito ya madziwa ndiyo kutsegulira shuga wa m'mwazi njira kuti alowe m'minofu. Mafuta akaculuka, minofu ileka kumvera insulini bwino, ndipo shuga aunjikana m'mwazi. Awa ndiwo matenda a shuga, amene angathe kuononga maso, impsyo ndi mapazi. Kale mtundu umenewu wa matenda a shuga unkagwira anthu acikulire okha, koma masiku ano madokotala aupeza ngakhale mwa acinyamata. Mtima naonso ulema popopa mwazi m'thupi lalikulu, ndipo pobwera pace ndi nthenda ya kuthamanga kwa mwazi.

Ana ambiri onenepa koposa akhala onenepabe atakula, ndipo kucotsa mafuta amene anaunjikana zaka zambiri ndi nchito yobvuta. Ncifukwa cace tinena za kupewa mukali ana. Mmera mpoyamba.

Phunziro la midzi iwiri ya ku France

Kumpoto kwa dziko la France, kufupi ndi mzinda wa Lille, kuli timizinda tiwiri tating'ono tochedwa Fleurbaix ndi Laventie. M'caka ca 1992 aphunzitsi a kumeneko anayamba kuphunzitsa ana za zakudya. Anawo anaphunzira kuphika, anacezera minda ya alimi, ndipo masiku ena ankadya cakudya ca m'mawa pa sukulu pamodzi ndi makolo ao. Anadziwadi bwino mitundu ya zakudya. Koma kwa zaka zingapo ciwerengero ca ana onenepa cinapitirirabe kukwera. Kudziwa kokha sikunakwanire.

Pambuyo pace anthu onse a m'timizindato analowamo m'nchitoyi. Akuluakulu oyendetsa mzinda anamanga mabwalo ndi nyumba za masewera, nalemba nchito aphunzitsi a masewera. Anakonza masiku akuti ana apite ku sukulu pansi m'magulu. Madokotala, ogulitsa mankhwala ndi eni masitolo anathandizanso. Pamenepo zinthu zinatembenuka. M'caka ca 2004 anayesa ana a zaka 5 kufikira 12, napeza kuti olemera kopambana muyeso anali pafupifupi 9 mwa 100, pamene m'timizinda tina tiwiri tofanana nato, kumene kunalibe nchito yotere, anali pafupifupi 18 mwa 100. Caka comweco mizinda ina 10 ya m'dzikomo inayamba kutsanzira njira imeneyi, imene anaicha EPODE.

M'nkhaniyi tiphunziramo zinthu zitatu. Coyamba, phunziro la m'kalasi lifuna bwalo la masewera kunja kwace. Caciwiri, mwana sangathe yekha, popeza sindiye agula cakudya ca pa nyumba kapena kumanga mabwalo. Mutu umodzi susenza denga. Cacitatu, nchitoyi ifuna cipiriro, pakuti kumeneko panapita zaka 12 zipatso zisanaoneke bwino.

Ora limodzi la masewera

Tsono tibwerere kwathu. A WHO alangiza kuti mwana ali yense wa zaka 5 kufikira 17 agwiritse nchito thupi lace mphindi 60 tsiku liri lonse, mwa njira yoti mtima ugunde msanga ndi mpweya ukwere. Masiku atatu pa sabata pakhale masewera olimba kwambiri, amene akhwimitsa minofu ndi mafupa, monga kuthamanga, kudumpha ndi kukwera. Mphindi 60 zimenezi sizifunika kukhala za nthawi imodzi; mungaziphatikize, zina pa njira ya ku sukulu, zina pa nthawi yopuma, zina madzulo. Phunziro la masewera la pa sukulu silifika pa muyeso umenewu, cifukwa silibwera tsiku liri lonse. Nthawi imene yatsala ndiyo ya poweruka. Amene mulowa m'kalasi masana, nthawi yanu ndiyo ya m'mawa.

Masewera safuna ndalama. Cimpombwa comangidwa ndi mapepala apulasitiki ndi zingwe cithamangitsa anyamata 22 monga mpira wa m'sitolo. Waida ndi kulumpha cingwe zilimbitsa miyendo ndi mafupa. Cidunu cithamangitsa akulu ndi ang'ono omwe. Magule athu, monga cimtali, citelele ndi mganda, aturutsa thukuta kuposa masewera ambiri acilendo, ndipo pobvina tisunganso mwambo wa makolo. Nsolo ndi ciyato ndi masewera abwino onola nzeru ndi maso, koma popeza asewera atakhala pansi, tisawawerengere pa mphindi 60 zija.

Mu Lusaka, pa mseu wa Great North, muli malo a masewera ochedwa Olympic Youth Development Centre, amene anatsegulidwa m'caka ca 2010 kuti ana ndi acinyamata aziphunzirako masewera a mitundumitundu. Koma malo otere sangafikire ana onse a m'dziko. Cimene sukulu iri yonse ingathe ndico kukhala ndi kalabu ya madzulo pa bwalo lace lomwe. Mphunzitsi mmodzi kapena kholo limodzi likhalepo kuyang'anira. Ana ayambe ndi kuthamanga pang'onopang'ono ndi kudziongola kwa mphindi 10, kuti minofu ifunde. Kenaka agawike m'timagulu tating'ono, kuti pasakhale woimirira pa mzere kudikira nthawi yace. Mipira inai ya cimpombwa iposa mpira umodzi wa cikopa umene ana 60 aulimbirana. Potsiriza ayende pang'ono, asambe m'manja, namwe madzi abwino, ophitsa kapena othira klorini. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likakula, ayambe dzuwa litapendeka.

Kalabu yotere ikhale ya onse. Atsikana asatsalire ku nyumba kutsuka mbale pamene alongo ao ali ku mpira. Nchito za pa nyumba zigawidwe kuti onse apeze nthawi. Barbra Banda, amene anamwetsa zigoli zitatu m'sewero liri lonse la masewera awiri otsatana pa mpikisano wa Olympic ku Japan m'caka ca 2021, anayamba kusewera mpira ali kamtsikana mu Lusaka. Mwana wolumala nayenso apatsidwe masewera amene angathe. Sitidzakhala akatswiri tonse, koma tonse tiri ndi mtima umodzi umene uyenera kutitumikira kufikira ukalamba.

Cakudya ca poweruka

Mwana poweruka ali ndi njala, ndipo njala ilibe nzeru. Cimene ciri pafupi ndico adya. Cifukwa cace nkofunika kukonzeratu. M'malo mwa masiwiti ndi machipisi, tengani mbatata yophika, cinangwa, cimanga coocha, nshawa zokazinga popanda mafuta, nthoci, gwafa, mango, masuku kapena masau, monga mwa nyengo yace. Cipatso cathunthu ciposa madzi ace ofinya, popeza ciri ndi nsenga zimene zikhutitsa ndi kuthandiza matumbo. Mukamva ludzu imwani madzi. Thobwa ndi labwino ngati simuthiramo shuga wambiri.

M'caka ca 2021 Boma linaturutsa malangizo a kadyedwe ka anthu a m'Zambia, m'mene zakudya zinagawidwa m'magulu 6. Gulu loyamba ndi la cimanga, mapira, mawere, mpunga, cinangwa ndi mbatata. Laciwiri ndi la ndiwo za masamba. Lacitatu la zipatso. Lacinai la nsomba, nyama, mazira ndi tizirombo todyedwa monga inswa ndi vinkubala. Lacisanu la mkaka. Ndipo lacisanu ndi cimodzi la nyemba, khobwe, nzama ndi nshawa. Tiyenera kudyako za m'magulu onsewa. Nsima siyoipa ai, ndiyo mphamvu yathu; colakwa ndico mtanda waukulu ndi ndiwo za pa nsonga ya cala. Nsima ya mgaiwa iposa ya ufa woyera, cifukwa gaga amene acotsedwa pokonola ali ndi zofunika zambiri. Nkhwani, kholowa, bonongwe, cigwada ndi therere, zimene ena azicha cibwabwa, kalembula, bondwe, katapa ndi delele, ziculuke m'mbale, zotendera ndi nshawa kapena zothira mafuta pang'ono okha. Kapenta wodyedwa ndi minga yace alimbitsa mafupa.

Kuyambira caka ca 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia aikamo vitamini A, amene athandiza maso. Cimeneci sicitanthauza kuti tizidya shuga wambiri. Vitamini yemweyo apezeka m'maungu, m'mapapaya, m'mango, m'masamba obiriwira ndi m'mbatata yofiira m'kati, ndipo izi siziononga mano.

Dimba la pa sukulu liphatikiza zonse ziwiri, nchito ya thupi ndi cakudya cabwino. Polima, potunga madzi ndi popalira, ana agwiritsa nchito thupi. Pokolola apeza ndiwo. Ndipo zaoneka kuti mwana amene anabzala lepu ndi manja ace sakana kumudya.

Mau otsiriza kwa inu nonse

Ngati m'kalasi mwanu muli mnzanu wonenepa, musamseke kapena kumpatsa maina acipongwe. Mwana wosekedwa acita manyazi, naleka kubwera ku bwalo, nakhala yekha m'nyumba, ndipo bvuto lace likula. Muitaneni ku masewera, mumpatse mpira, mumyamikire akayesa. Ndipo inu amene muganiza kuti mwanenepa, musadzimane cakudya kapena kumwa mankhwala ocepetsa thupi. Thupi lanu likali kukula, ndipo lifuna cakudya katatu pa tsiku. Uzani makolo anu apite nanu ku cipatala kuti akakuyeseni. Kawirikawiri mwana wotere sauzidwa kuti aonde. Angosintha zakudya, naonjeza masewera, ndipo pamene atalika thupi lace lilingana lokha ndi msinkhu wace.

Maora a poweruka ndi anu. Aphunzitsi alamulira m'mawa, makolo alamulira usiku, koma cimene mugula pa kantemba ndi kumene miyendo yanu ipita belu likalira musankha ndinu.

MAFUNSO

1. Kodi thupi licita ciani ndi cakudya cotsala pa nchito yace?
2. Fotokozani kusiyana kwa kunenepa ndi kutupa.
3. Chulani zinthu zinai zimene zasintha pa moyo wa ana a m'mizinda.
4. Cifukwa ninji maphunziro a m'kalasi okha sanakwanire ku Fleurbaix ndi Laventie?
5. Mwana akamwa botolo limodzi la zotsekemera tsiku liri lonse, adya masupuni angati a shuga pa sabata imodzi?
6. Chulani magulu 6 a zakudya, ndi cakudya cimodzi ca kwanu ca m'gulu liri lonse.

ZOCITA

Kwa masiku 7 lembani m'buku lanu zimene mwadya poweruka ndi mphindi zimene mwasewera kapena kugwira nchito ya thupi. Pakutha pa sabata werengani masiku amene munafika pa mphindi 60. Funsaninso agogo anu akuphunzitseni sewero limodzi la pa ubwana wao, ndipo mukaliphunzitse anzanu pa bwalo la sukulu.